Malata a amayi adathera pakaunjika

Akonzi, ndiloleni ndiulule nkhani imene yakhala ikundichititsa manyazi. Ndikudziwa kuti matenda amene ndidadwala ine akudwala ndi ambiri, makamaka ife olandira malipiro pakutha pa mwezi, ndiye mwina wina atolapo kanthu.

Ndimakhala ku Mulunguzi mumzinda wa Zomba, m'kanyumba kalendi kuseri kwa nyumba yaikulu. Anthu akamva kuti Mulunguzi amayesa kuti tonse okhala kumeneko ndife opeza bwino, poti kuli nyumba zamipanda ndi mitengo italiitali ya nthawi ija Zomba idali likulu la dziko lino, boma lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Ayi ndithu. Enafe tili kuseri, ndipo malipiro athu ndi aja oti akalowa lero, pakatha sabata ziwiri watsala ndi ya makala yokha. Ndine kalaliki mu ofesi ina m'tauni, ndili ndi ana awiri, ndipo kwathu ndi cha ku Jali komwe kuli amayi anga.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atasautsa chigawo chakummwera, ndidapita kukawaona amayi. Nyumba yawo ya njerwa zootcha sidagwe, tithokoze Mulungu, koma denga laudzu lidali litatheratu. Mphasa, zofunda ndi thumba la ufa zonse zidali zitanyowa. Pomwepo ndidalonjeza pamaso pa achimwene anga kuti, "Amayi, dzinja likubwerali lidzakupezani muli m'malata."

Amayi adangoti, "Zikomo mwana wanga, koma usadzipanikize, uli ndi ana."

Mmisiri wa m'mudzimo adayeza nyumba n'kunena kuti pakufunika malata 24. Achimwene adati matabwa aona iwo. Nditawerengera, ndidaona kuti ndikamapatula K40,000 mwezi uliwonse kuyambira Epulo mpaka Okutobala, malatawo akwanira. Koma Okutobala atatha ndidali ndi K62,000 yokha. Sindidaberedwe, sindidadwale, pakhomo sipadagwe maliro. Ndalamayo idapita pang'onopang'ono, ndi manja anga omwe.

Msika wa Zomba suli panjira yanga yopita kunyumba. Ndinkachita kupatukira dala, n'kumadziuza kuti ndikungokagula tomato ndi matemba a ku Chilwa. Koma kuti ukafike pa tomato umadutsa pakaunjika, ndipo anyamata ake amadziwa ntchito yawo. "Asisi, belo tamasula lero! Tayesani iyi, yakukhalani ngati adasokera inu!" Ukati ulibe ndalama, amvekere, "Muli ndi zingati? Musaisiye, mawa simuipeza." Mawu akuti mawa simuipeza ndi amene ankandigwetsa. Pakaunjika chovala chimakhala chimodzi, palibe chinzake, ndiye mtima umagunda ngati ukachisiya wataya mwayi wa moyo wonse.

Kuofesi nakonso msika umatitsatira. Malipiro akayandikira kumabwera amayi onyamula zikwama zodzaza ndi nsapato, zitenje, mafuta onunkhira ndi mapoto. Iwowa safuna ndalama pompopompo. "Tengani madamu, mudzapereka mwezi ukatha, ngakhale kawiri." Chinthu chotenga pangongole sichiwawa pochitenga, chimadzawawa tsiku lolipira. Panalinso manyazi. Anzako onse atenga, iwe wekha ukane? Adzati uli pamavuto anji?

Usiku ndikagona, msika wachitatu udali m'manja mwanga. Pa WhatsApp ndi pa Facebook anthu amaika zithunzi za katundu, ndipo kulipira kwake n'kungodina manambala pa Airtel Money kapena Mpamba. Ndalama ya mufoni siimveka kulemera. Kutulutsa ma K5,000 anayi m'chikwama kumakupatsa mpata woganiza, koma kudina 20000 n'chimodzimodzi kudina 2000, kusiyana kwake ndi ziro mmodzi.

Pamwamba pa zonsezi ndidali ndi chifukwa chooneka chanzeru. Mu Meyi 2022 Banki Yaikulu idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu inkangokwera. Aliyense ankati kusunga ndalama masiku ano n'kupusa, bola kugula chinthu lero chifukwa mawa chikwera. Inenso ndinkanena zomwezo ndikunyamula chikwama chachisanu.

Mu Novembala 2023 kwacha idagwanso, ulendo uno ndi 44 peresenti. Nditapita kusitolo ya zipangizo zomangira mu Disembala, ndidapeza mitengo yasintha. Kandalama kanga kaja kadangokwanira malata anayi. Ndidatuluka osagula kanthu.

Pa Khirisimasi ndidapita kumudzi. Posafuna kufika chimanjamanja, ndidanyamula mapoto atatu onyezimira amene ndidatenga pangongole kuofesi koma sindidaphikiremo n'kamodzi komwe. Amayi adawalandira ndi manja awiri, kuthokoza kwake ngati ndawapatsa ng'ombe. Za malata sadafunse.

Usiku umenewo kudagwa mvula yamphamvu. Ndidadzidzimuka pakati pa usiku n'kuona amayi ali chilili ndi tochi, akutchera madzi odontha kudenga. Adatchera ndowa, beseni, kenaka adatenga mapoto anga atatu aja n'kuwaika pamene pankadontha kwambiri. Ataona kuti ndadzuka adati, "Gona mwana wanga. Mapoto akowa afika pa nthawi yake." Sadanene monyoza, amathokozadi. Ine ndidafunda kumutu, koma tulo sitidabwerenso. Ndidachezera kumvetsera madzi akugwera m'mapoto amene ngongole yake ndidali ndisanamalize.

Nditabwerera ku Mulunguzi ndidayala mphasa, n'kutulutsa chilichonse chimene ndidagula m'chaka chimenecho ndisanachikonzekere. Mwana wanga wamkulu, amene panthawiyo adali Fomu 2, adatenga kope kuti azilemba mitengo. Padali nsapato mapeyala asanu ndi awiri, awiri mwa iwo ondithina. Padali zikwama zisanu, makatani osalingana ndi mawindo a nyumba yanga, madilesi ena oti sindidavalepo, ndi kamakina kopangira juwisi kamene kadagwira ntchito kawiri kokha. Titaphatikiza zidapitirira K300,000, osawerengera tchipisi, zakumwa ndi mayunitsi okongola amene adapita osasiya chizindikiro.

Mwanayo adayang'ana kopelo nthawi yaitali, kenaka adati, "Amama, ndiye kuti malata a agogo ndi amenewa?"

Akuluakulu adati ichi chakoma, icho chakoma, pusi adagwa chagada. Mwambi umenewu ndidauphunzira kupulayimale, koma ndidaumvetsa tsiku limenelo.

Sindikuloza chala ogulitsa. Mnyamata wa pakaunjika ndi mayi woyenda m'maofesi nawonso akusaka ya ufa ndi ya fizi, ndipo palibe adandigwira pakhosi. Nditaganiza mofatsa ndidapeza kuti nthawi zambiri sindinkagula chifukwa chosowa chinthucho. Ndinkagula ndikatopa, ndikakhumudwa kuntchito, kapena ndikaona kuti anzanga akutchena kundiposa. Kugula kunkandipatsa kachimwemwe ka mphindi zochepa, kondiuza kuti nanenso ndine munthu, ndikugwira ntchito. Pofika kunyumba kachimwemwe kaja kadali katatha, chikwama n'kuponyedwa pamwamba pa zinzake.

Ndidapezanso kuti mawu aja akuti gula lero mawa zikwera ndi oona ndithu, koma ndinkawagwiritsa ntchito pamalo polakwika. Ndi oona pa lata, pa thumba la simenti, pa feteleza ndi pa chimanga cha nthawi yokolola, zinthu zoti uzigula ndithu ndipo ukachedwa udzalipira zambiri. Pa nsapato yachisanu ndi chiwiri si oona, chifukwa chinthu chimene sukuchifuna, chikwere chisakwere, sichikukukhudza. Ndikadagula malata awiriawiri kapena atatuatatu kuyambira Epulo uja, kugwa kwa kwacha kukadandipeza ambiri ali kale m'nyumba.

Tsono kuyambira Januwale 2024 ndidadziikira malamulo. Loyamba lidali lakuti tsiku limene malipiro alowa, ndisanalipire china chilichonse kupatula lendi, ndizipita kukagula malata awiri. Ndinkabwera nawo pakabaza, ndipo eni nyumba adandilola kuwasunga m'galaja mwawo. Lata sungapite nalo pakaunjika, sungalitumizenso pafoni usiku.

Lachiwiri, chinthu chimene sindidachilembe papepala ndizichigonera masiku atatu. Ngati pakutha pa masikuwo ndikuchifunabe ndipo ndalama yake ilipo, ndigule. Zambiri ndimaziiwala tsiku lachiwiri lisanathe. Mawa simuipeza uja ndi woona nthawi zina, ndikabwerera ndimapeza ina idapita, koma mpaka lero sindinafe nazo.

Lachitatu, ngongole ya katundu kuofesi ndidasiya. Poyamba ndinkanama kuti ndilibe saizi kapena mtundu sunandisangalatse. Kenaka ndidayamba kunena zoona: "Pepani amayi, ndili pa malata." Chodabwitsa n'chakuti palibe adandiseka. Mnzanga wina adandinong'oneza kuti nayenso theka la malipiro ake limathera kubweza ngongole za zovala, ndipo pano tikukumbutsana.

Lachinayi, ndikaweruka ndimalunjika kunyumba kudzera cha ku Botanical Gardens. Kumsika ndimapita Loweruka lokha, nditadya kale, pepala lili m'manja ndi ndalama yowerengeka m'chikwama. Foni ndimaisiya yopanda kanthu, ndipo ndalama ya misomali ndi ya mmisiri ndinkaiponya ku banki m'khonde komwe sungaitenge mwachisawawa.

Lamulo lomaliza ndidaliphunzira kuphiri. Loweruka lina ndidakwera ndi ana kukaona damu la Mulunguzi, limene limatipatsa madzi m'mipope ya mumzinda uno. Damu lija limasunga madzi a dzinja kuti mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, tizitunga. Koma silitseka mtsinje wonse, madzi ena amapitirira ndithu kutsikira kutauni. Ndidaona kuti nanenso ndikadzimana zonse ndidzaphulika tsiku limodzi. Choncho mwezi uliwonse ndimaika K10,000 mu envelopu, ya kususuka kwanga. Ndikafuna tchipisi, ndikafuna ndolo, kapena mabulosi aja anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu wa ku Ku Chawe, ndimatapa m'menemo osadziimba mlandu. Ikatha yatha, mpaka mwezi wamawa.

Sindikunena kuti ndidasanduka mngelo. Mu Julayi, kuzizira kwa Zomba kutafika pachimake, ndidaona jekete pakaunjika ndipo masiku atatu aja ndidawaiwala. Mwezi umenewo ndidagula lata limodzi. Mu Sepitembala ndidagwanso ndi chitenje cha ukwati wa mnzanga, chimene ndidavala tsiku limodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndikagwa ndimalemba m'kope lija, ndipo mwana wanga amaliwerenga. Palibe woyang'anira chuma wovuta kuposa mwana amene adaona agogo ake akutchera mvula m'mapoto.

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndi K62,000 ija ndidayambira, ndipo pofika Novembala 2024 m'galaja mudali malata 22. Awiri otsalawo adagula achimwene atagulitsa nandolo. Tidakhoma denga mvula yoyamba itagwa kale, mochedwa ndi chaka chathunthu, komanso pamtengo wokwera kuposa umene ndikadalipira ndikadasunga lonjezo langa pa nthawi yake. Chaka chimenecho amayi adachigona m'madzi chifukwa cha ine, ndipo sindingachibweze.

Chaka chino ndadziikira zolinga zitatu. Sindigula nsapato kapena chikwama mpaka Disembala, poti zimene ndili nazo zikhoza kundifikitsa zaka zitatu. Sindikongolanso mayunitsi, akatha ndizidikira. Ndipo ndalama imene inkapita ku malata tsopano izipita ku simenti, thumba limodzi pamwezi, kuti pansi pa nyumba ya amayi pazirike. Ndazilemba muno dala kuti amene amandidziwa akandiona pakaunjika pakati pa sabata andikoke dzanja, poti wakutsina khutu ndi mnansi.

Kwa anzanga amene mwezi ukatha mumadabwa kuti ndalama yalowera kuti, sindikuuzani kuti musiye kugula, chifukwa tonse timafuna kuoneka bwino ndipo thukuta ndi lathu. Ndikungopempha kuti Loweruka likubwerali muyale mphasa, mutulutse zonse zimene mudagula mosakonzekera, wina azilemba mitengo. Mukaphatikiza, mudzifunse kuti pamphasapo pagona chiyani. Kwa ine padali malata a amayi. Kwa wina pakhoza kukhala fizi ya mwana, feteleza wa chaka chino kapena mpamba wa bizinesi imene wakhala akuilakalaka.

Sabata yatha amayi adandiimbira foni mvula ikugwa. Ndinkavutika kumva mawu awo chifukwa cha phokoso la padenga. Adati, "Ukumva? Ndi malata akotu amenewo." Mapoto aja akuti tsopano akuphikira nyemba.

Mayi wa ana awiri,
Mulunguzi, Zomba