Kutsika Khwekhwerere ndi Bwato Padenga

Msewu wochoka ku Dedza kutsikira ku Golomoti anthu amautcha Khwekhwerere, ndipo dzinalo silinama. Umapatuka pa Masasa, mumsewu waukulu wa M1, n'kuyamba kukhotakhota m'mbali mwa mapiri mpaka kuchigwa. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuyezera pa nyanja zazikulu za mchere, pamene Nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500. Choncho pa kamtunda kochepa galimoto imatsika kwambiri, makutu amatseka, ndipo amene ananyamuka atavala juzi amafika pansi akupukuta thukuta. Kwa woyenda chimanjamanja ndi msewu wokongola. Koma ngati padenga pa galimoto pali bwato la mamita anayi, mfundo iliyonse imene munamanga imayesedwa pamenepa.

Bwato limene tinanyamula ndi la mlamu wanga. Ndi lapulasitiki, lija amalitcha kayaki, lokhala ndi mpando pamwamba komanso timabowo toimikamo ndodo za mbedza. Analigula kwa munthu wina amene ankasamuka mu Lilongwe, achipatala atawauza kuti magazi akuthamanga ndipo thupi likufunika ntchito. Kuthamanga kunawakanika chifukwa cha mawondo, koma kupalasa anakulira nako. Anaganiza zokalisungitsa kwa achibale m'mudzi wa Chembe ku Cape Maclear, kuti azikalipeza kumeneko akapita.

Titaliika pa sikelo ya chimanga linakwana makilogalamu 39. Wina anganene kuti ndi zochepa, popeza thumba la chimanga ndi 50 ndipo timaliona pamutu tsiku ndi tsiku. Kusiyana kwake n'kwakuti thumba limakhala phee, limakumbatirika, ndipo kulemera kwake kumakhala pafupi ndi thupi. Kayaki ndi yaitali, yoterera, ndipo pofuna kuikweza padenga manja amatambasuka pamwamba pa mutu, msana n'kupotoka. Pa zimene ndimaona pocheza ndi anthu pa nkhani za umoyo kumpingo, misana yambiri siivulala chifukwa cha kukula kwa katundu kokha, koma chifukwa chonyamula munthu atawerama ndi kupotokera kumbali nthawi imodzi. Komanso munthu wa vuto la kuthamanga kwa magazi sayenera kunyamula zolemera atabanika mpweya, chifukwa pa nthawi imeneyo magazi amakwera kwambiri. Amuna ambiri sakonda kumva zimenezi pamaso pa ana awo, koma ndinazinena ndithu.

Ndiye sitinalinyamule lonse nthawi imodzi. Tinaliika pansi kumbuyo kwa galimoto, mphuno yake itayang'ana kutsogolo. Tinayala bulangeti lakale m'mphepete mwa denga kuti penti isakalike. Anthu awiri anagwira kumphuno, atapinda mawondo, msana uli chilili, n'kukweza mbali yokhayo mpaka itatsamira pa bulangeti. Apa theka la kulemera linali pansi, lina pagalimoto. Kenaka anapita kumchira, kukweza ndi kukankha pang'onopang'ono mpaka bwato linatsetserekera pa zitsulo ziwiri za kaliyala. Tinaligadabuza kuti mimba iyang'ane kumwamba, chifukwa m'mphepete mwake ndi molimba kuposa pansi pake, ndipo mvula ikagwa madzi sadikhamo kuwonjezera kulemera. Zonse zochotseka, monga mpando, nkhafi ndi bokosi la mbedza, zinalowa m'galimoto.

Galimoto iliyonse ili ndi malire a katundu amene denga lake lingasenze, ndipo amalembedwa m'buku la galimotoyo. Powerengera musaiwale kuti kaliyala nayenso ali ndi kulemera kwake. Muonenso mmene kaliyalayo wagwirira denga. Timizere tina ta pamwamba pa galimoto ndi tokongoletsa chabe.

Pa zomangira ndiye panali mkangano. Mnyamata wathu anabwera ndi malegeni, amene aliyense wonjata makala kapena nkhuni panjinga amawadalira. Panjinga amathandizadi. Koma legeni limatamuka, ndipo mphepo ikalowa pansi pa bwato galimoto ikuthamanga, bwato limadzuka ndi kugwa, kudzuka ndi kugwa, mpaka limapeza potulukira. Kumbuyo kwanu kukhoza kukhala minibasi yodzaza kapena wakabaza ali ndi mayi wobereka mwana. Tinagwiritsa ntchito malamba awiri osatamuka, lililonse lodutsa pamwamba pa bwato n'kuzungulira pansi pa chitsulo cha kaliyala mbali zonse ziwiri. Sitinakoke mopitirira muyeso, chifukwa pulasitiki ikatenthedwa ndi dzuwa imafewa, ndipo lamba lothina kwambiri limasiya chibowo chimene chimachititsa bwato kukhotera mbali imodzi pamadzi. Tinawonjezera chingwe kumphuno ndi china kumchira, zomangidwa pa zitsulo zokokera galimoto, osati pa bampala yapulasitiki. Kumchira, kumene kunapitirira galimoto, tinamangako kansalu kofiira. Lamba lililonse tinalipotoza kamodzi pamene silikhudza bwato. Lopanda kupotoza limalira ndi mphepo ngati njuchi ulendo wonse.

Tinanyamuka Lachisanu mbandakucha kuti dzuwa likamalowa tikhale titatula zonse. Tisanafike pa Nathenje tinaima n'kugwedeza bwato ndi manja awiri. Likamangidwa bwino, galimoto yonse ndiyo imagwedezeka. Malamba anali atalekerera pang'ono, monga amachitira katundu akakhazikika, ndipo tinakokanso. Mumsewu wa M1 chovuta ndi malole akuluakulu: likamadutsana nanu mphepo yake imakankha bwato, chiwongolero n'kugwedera m'manja. Mankhwala ake ndi kuchepetsa liwiro basi.

Pa Masasa tinaimanso tisanayambe kutsika. Katundu wa padenga amachititsa galimoto kupendekera kwambiri pokhota, ndipo makona a Khwekhwerere ena ndi obwerera kumene wachokera. Mlamu wanga anatsika ndi giya yaing'ono kuti injini igwire galimoto, mabuleki asatenthe. Kuyenda pang'onopang'ono kuli ndi mphotho yake. Kumanzere ndi kumanja minda yakangamira m'zitunda, ndipo patsogolo chigwa chonse chimatambasuka, nyanja ikunyezimira patali kukakhala kopanda nkhungu. M'mbali mwa msewu amisiri amagulitsa timagalimoto, timathalakitala ndi tinjinga tosema ndi mtengo, tina tokhala ndi zitseko zotseguka. Mmodzi anayang'ana padenga pathu nthawi yaitali, ndipo sindingadabwe nditamva kuti anasema kagalimoto kosenza bwato.

Mukadutsa njanji ndi msewu wa M5 pa Golomoti, dziko limasintha. Milambe imayamba kuoneka, mbuzi zimagona pa tala, ndipo kutentha kumakulandirani. Apa madzi akumwa amatha msanga, choncho tengani okwanira. Mutatsala pang'ono kulowa Monkey Bay mumapatukira kumanzere, n'kuyenda makilomita pafupifupi 18 m'mapiri a miyala ikuluikulu momwe anyani amakhala pamsewu ngati eni ake. Kumeneko muli kale m'nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, makamaka chifukwa cha mitundu yambirimbiri ya mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala.

Malo amenewa anazolowera kulandira ngalawa zobwera pamtunda. Dzina lakuti Cape Maclear analipereka ndi David Livingstone pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi. Mu 1861 anthu a Livingstone anasenza boti lake kulambalala mathithi a mtsinje wa Shire kuti alifikitse panyanja. Mu 1875 amishoni a ku Scotland, pakati pawo Dr Robert Laws, anabwera ndi sitima ya nthunzi yotchedwa Ilala. Pa mathithi omwewo anaiphwasula, ndipo anthu mazanamazana a m'midzi ya m'mbali mwa Shire anasenza zidutswa zake pamutu ndi pamapewa mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Ataimanganso inalowa m'nyanja pa 12 October 1875, ndipo mishoni yoyamba ya Livingstonia inamangidwa pano. Malungo anapha angapo a iwo, manda awo akadalipo m'munsi mwa phiri, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Mabuku amasunga bwino maina a amishoni. Ine poona manda aja ndinkaganiziranso za makosi ndi misana ya osenza zitsulo aja, m'dzuwa la chilimwe cha ku Shire.

Pagombe la Chembe pali mabwato osema ambirimbiri, ndipo nawonso anayamba ulendo wawo pamtunda, pamene panagwera mtengo. Asodzi anatizungulira tikutsitsa lathu, momwe tinakwezera muja koma mobwerera. Bambo wina wachikulire analigogoda ndi chala, n'kulinyamula mbali imodzi, n'kupukusa mutu. Anati ndi lopepuka kwambiri, mwera ukaliwomba lidzathawa ngati tsamba. Sananame. Mwera umawomba kuchokera kummwera makamaka m'miyezi yozizira, ndipo nyanja imene inali bata m'mawa imatha kuwinduka masana. Anatilangiza kulowa m'madzi kukangocha, kuyenda m'mbali mwa gombe, ndi kufunsa asodzi tsiku lililonse tisanakankhe bwato. Ine ndinawonjezera jekete yoyandamitsa, imene imavalidwa ndi kumangidwa, osati kukhalira.

Palinso zina ziwiri zoti woweza mlendo adziwe. Choyamba, kuweza n'koletsedwa mkati mwa mamita 100 kuchokera kugombe la zilumba ndi malo ena a nkhalango yotetezedwa, choncho Thumbi, Domwe ndi Mumbo ndi zozungulira ndi kuona, mbedza ili m'bokosi. Chachiwiri ndi likodzo, limene lilipo m'madzi a kuno. Tizilombo take timachokera m'nkhono zazing'ono za m'madzi osaya ndipo timalowa pakhungu. Amene wakhala akulowa m'madzi akayezetse ndi kulandira mankhwala kuchipatala patapita miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale asanaone magazi m'mkodzo. Za nsomba ndiye ife sitivutika kusankha: chambo, utaka, mcheni ndi usipa zili ndi zipsepse ndi mamba monga Levitiko 11 akunenera, pamene kampango ndi mlamba, zopanda mamba, zikakodwa timazibwezera m'madzi.

Tinaligoneka chogadabuza pansi pa mtengo, pamthunzi, dzuwa likadali pamwamba pa zilumba. Tinatsegulira Sabata pamchenga, ndipo kutada nyali za asodzi a usipa zinandandalika panyanja ngati tauni ina. Bwato linakhudza madzi Lamulungu m'mawa. Mlamu wanga anapalasa mpaka cha ku Otter Point n'kubwerako patatha ola limodzi ndi theka, opanda nsomba ndi imodzi yomwe, akufunsa ngati phala lapsa.