Katuni Imene Inatigawanitsa

Anzanga acinyamata, nkhani imene ndifuna kukusimbirani lero ndiilemba ndi manyazi pang'ono, cifukwa wolakwa m'nkhaniyi ndine. Mwina inunso pampingo panu mumaonetsa ana filimu pa nthawi ya holide kuti asamangoyendayenda m'komboni. Ngati ndi tero, werengani mpaka kumapeto, kuti dzenje limene ndinagweramo ine, inu mulilambalale.

Unali mwezi wa Ogasiti, masukulu atatseka. Ife a gulu la acinyamata tinagwirizana kuti pa Ciweru masana tiitane ana a Sande sukulu ku holo ya chalichi kuti adzatambe katuni. Wina anabwereka pulojekita kunchito kwao, wina anabweretsa sipika, ndipo ine ndinacotsa shiti yoyera pabedi panga n'kuikhoma pacipupa. M'mazenera tinachinga ndi zitenje. Ana anabwera oposa 40, ena atabereka ang'ono ao kumbuyo. Filimu ndinasankha ndine, koma ndinali ndisanaitambepo. Ndinangoona cithunzi ca tinyama tisanu tokongola tikumwetulira, basi n'kunena kuti iyi ndiyo ya ana.

Dzina la filimuyo ndi The Land Before Time. Inatuluka ku America mu Novembala 1988. Amene anaitsogolera ndi Don Bluth, munthu amene poyamba anali kujambula makatuni ku kampani ya Disney, ndipo ena mwa akuluakulu oyang'anira nchitoyo anali Steven Spielberg ndi George Lucas. Zithunzi zake zinajambulidwa ndi manja mumzinda wa Dublin ku Ireland. Ndi yaifupi, ya mphindi 69 cabe. Imasimba za ma dinosaur, zinyama zija zimene zinatha kalekale ndipo tizidziwa makamaka ndi mafupa ao.

Nkhani yake ili motere. Kwagwa cilala, masamba atha m'mitengo, ndipo magulu a nyama ali pa ulendo wofunafuna cigwa cobiriwira. Pakati pao pali Littlefoot, kamwana ka mtundu wa makosi atali, kamene kayenda ndi amai ake ndi agogo ake awiri. Tsiku lina cilombo codya nyama cochedwa Sharptooth ciukira Littlefoot ndi Cera, kamtsikana ka mtundu wa nyanga zitatu. Amai a Littlefoot amenyana naco ndi kupulumutsa anawo, koma avulala koopsa. Nthawi yomweyo civomezi cing'amba nthaka ndi kulekanitsa mabanja. Usiku, mvula ili kugwa, Littlefoot apeza amai ake ali gone, osatha kudzuka. Amuuza njira ya ku cigwa cija, kenako akhala cete.

Popeza filimuyo ndi ya m'Cingerezi, ine ndinaimirira pambali pa shiti kumasulira. Titafika pamenepa, m'holo munali zii. Ndinaona timaso tonse tili pa ine, ndipo mantha anandigwira. Ndinati, "Musadandaule ana inu. Amai ake atopa, agona cabe."

Pabenchi yacitatu panali mtsikana wa zaka 9. Sanakweze dzanja, ndiponso sanali kulira. Anangonena motsitsa mau kuti, "Iyai aphunzitsi, sanagone. Amwalira."

Ndinali kumudziwa mwanayo. Amai ake tinawaika m'manda caka capitaco, ndipo tsopano akhala ndi agogo ake akazi. Ndinasowa coyankha. Ndinapitiriza kumasulira, koma mau anali kundikakamira pakhosi, makamaka pamene Littlefoot aona cithunzithunzi cake comwe pathanthwe, n'kuciyesa amai ake, n'kuthamanga mokondwa kukacinyambita. Pambuyo pake apeza anzake, Ducky, Petrie ndi Spike, ayanjana ndi Cera wonyada uja, agonjetsa cilombo, ndipo afika ku cigwa kumene apeza agogo ake. Ana anaomba m'manja, tinawagawira zitumbuwa, n'kumwazikana.

Mkangano unayamba madzulo omwewo pamene acinyamata tinatsala kusesa m'holo. Munthu aliyense anali ndi maganizo ake, ngati kuti tinatamba mafilimu osiyana.

Mnyamata wina wa giredi 12, amene akonda sayansi, anati filimuyo ndi yabodza. Littlefoot ndi Apatosaurus ndipo Spike ndi Stegosaurus, mitundu imene inakhalako zaka pafupifupi 150 miliyoni zapitazo. Cera ndi Triceratops ndipo cilombo cija ndi Tyrannosaurus, ndipo izi zinakhalako kumapeto kwenikweni, ma dinosaur atatsala pang'ono kutha zaka 66 miliyoni zapitazo. Pakati pao pali zaka zoposa 80 miliyoni, ndiye zikanakumana bwanji? Anaonjezera kuti Petrie wouluka uja si dinosaur n'komwe. Ananena zoona, ndipo tinamuvomera, ngakhale kuti wina anamukumbutsa kuti Kalulu ndi Njovu naonso sanakhalepo pa bwalo kuweruzana milandu.

Wina anati zinyama zimenezi ndi nthano za azungu cabe. Wasayansi uja anamuyankha kuti mafupa a dinosaur wa khosi lalitali wochedwa Malawisaurus anafukulidwa ku Karonga kwa anansi athu a ku Malawi, ndi kuti kwathu kuno, m'cigwa ca Luangwa pafupi ndi Sitwe, kunapezeka mafupa a msuweni wa ma dinosaur amene mu 2013 anapatsidwa dzina locokera ku Cibemba lakuti Lutungutali.

Mtsikana wina anakhumudwa pa cifukwa cina. Iye anakula akutamba zigawo zotsatira za nkhaniyi. Zilipo 13, zimene zinatuluka kuyambira 1994 mpaka 2016, ndipo Don Bluth sanagwireko nchito. Zimenezo n'zodzala ndi nyimbo ndi kuseka. Iye anati, "Mukanatenga cimodzi mwa izo, bwenzi ana apita kwao akuimba." Koma mnzake anamutsutsa, nati zigawo zimenezo ukatamba lero mawa waiwala, pamene yoyambayi siicoka m'mutu.

Zonsezi zinali zocezera. Maganizo amene anandisowetsa tulo ndinawamva mawa lake pa Sondo, titatuluka m'mapemphero.

Oyamba kundiitana anali amai ena a m'cigwirizano. Nkhope yao inali yosakondwa. Anati, "Mwananga, dzulo munawaonetsa ciani anawa? Wanga wa zaka 4 sanagone. Ndikangoti nditseke maso, iye kundigwedeza, amvekere, 'Amai musagone, musagone.' Kodi katuni si yoseketsa ana? Imfa idzawapeza yokha, cifukwa ciani muwathamangitsira nayo?"

Amaiwo sanalakwe, ndipo si iwo okha amene anaganizapo motero. Ngakhale Spielberg ndi Lucas, ataona filimuyo isanatuluke, anaopa kuti ana adzalira m'nyumba zotambiramo mafilimu, ndipo analamula kuti mbali zoopsa kwambiri, zokwana mphindi pafupifupi 10, zidulidwe. Opanga filimuyo anaonjezeramonso nkhalamba yochedwa Rooter, imene itonthoza Littlefoot ndi kumuuza kuti imfayo si mlandu wake ndiponso si mlandu wa amai ake. Dandaulo lofananalo linamvekanso mu 2015 pamene kampani ya Pixar inatulutsa The Good Dinosaur, m'mene atate a kamwana akokoloka ndi madzi: makolo ena anati ndi yoopsa kwa ana ang'ono.

Ndinapepesa kwa amaiwo. Koma pamene ndinali kupepesa, cinthu cimodzi cinandilasa mtima. Mwana waoyo sanali kuopa cilombo ca mano akuthwa. Anali kuopa tulo. Nanga ndani anamuuza kuti mai amene sadzadzukanso wagona? Si Don Bluth ai. Ndine. Ndinafuna kumuteteza ndi bodza laling'ono, koma bodzalo ndilo linamutsata mpaka pamphasa.

Ndisanafike pa geti, ndinamva wina akundikoka malaya. Anali agogo a mtsikana uja wa pabenchi yacitatu. Mumtima ndinati lero ndaona zakuda. Koma iwo anandikhazika pansi pa mtengo wa mango, n'kunena kuti, "Mdzukulu wanga, ine za makatuni sindizidziwa. Koma tamvera. Tsiku la maliro a mai wake, mwana uja tinamutumiza kwa acibale kuti asaone bokosi. Kucokera pamenepo sanachulepo mai wake ngakhale kamodzi, ndipo ife tinati waiwala, zili bwino. Dzulo usiku tikudya nsima wandifunsa kuti, 'Agogo, kodi amai anadwala cifukwa ine ndinali kuwavutitsa?' Caka conse mwana wasenza katundu ameneyu yekha, ine osadziwa."

Anandiuza kuti anamuyankha zoona: kuti anali matenda, ndi kuti palibe mwana amene angadwalitse mai wake ndi kusamvera. Anatsegula sutukesi, natulutsa cithunzi cimene anacibisa, ndipo analira onse awiri. Anapangana kuti adzapita kukaona manda.

Tsono taonani, anzanga. Filimu imodzi, holo imodzi, tsiku limodzi. Kwa mwana wina inabweretsa mantha, kwa wina inamasula mfundo imene akulu tinalephera kuiona. Kodi wolondola ndani, amai aja kapena agogo aja? Ndaganizira funsoli kwa nthawi yaitali, ndipo ndaona kuti onse awiri anali kukamba zoona za mwana amene amudziwa. Munthu akamakuuzani maganizo ake pa filimu, kawirikawiri amakhala akukuuzani za moyo wake: cimene aopa, cimene akonda, ndi cimene anataya.

Ndiyenera kuulula cifukwa cake ine ndinathamangira kunena kuti "agona." Atate anga anamwalira ndili ndi zaka 7. Anandipereka kwa azakhali m'mudzi wina, n'kundiuza kuti atate apita ku Lusaka kukafuna nchito. Ndinakhulupirira. Madzulo alionse ndinali kupita kumseu kukayang'ana anthu otsika basi. Ndikaona mwamuna wamtali wovala jekete, ndinali kuthamanga, ndipo ndikafika pafupi n'kupeza kuti ndi munthu wina. Zoona ndinazimva kwa mnzanga titayambana pa mpira wacikulunga. Iye anandilalatira kuti, "Ndiye cifukwa cake atate ako anafa!" Acibale anga sanali ankhanza. Anali kundikonda, ndipo anacita cimene anaciyesa cabwino. Koma pamene ndinaona Littlefoot akuthamangira cithunzithunzi cake pathanthwe paja, ndinadziona ndekha ndili kumseu. Ndipo m'malo mopatsa anawo cimene ine ndinamanidwa, ndinawapatsa bodza lomwe lija limene ine ndinapatsidwa.

Akulu amati maliro n'kulirana. Koma kawirikawiri tikamalirana, ana timawaika kunja. Timati sadziwa kanthu. Zoona zake n'zakuti mwana amaona mpando wopanda munthu, amaona maso ofiira a agogo, ndipo ngati palibe womufotokozera, amadzipangira yekha yankho. Nthawi zambiri yankho lakelo limakhala lakuti, "Ndine ndinalakwa." M'magulu athu a Sande sukulu muli ana ambiri oleredwa ndi agogo, monga momwe Littlefoot atsalira ndi agogo ake kumapeto kwa filimu. Kwa iwo nkhani imeneyi si yacilendo. Cacilendo ndi kumva wina akuikamba poyera.

Sindikunena kuti ana onse aziitamba. Nazi zimene ife tinagwirizana pagulu pathu pambuyo pa zonsezi. Coyamba, palibe filimu imene tidzaonetsa ana tisanaitambe ife eni kuyambira poyamba mpaka kumapeto. Cithunzi cokongola ca pamwamba cingakhale cikomekome ca mkuyu. Caciwiri, mau akuti katuni satanthauza kuti ndi ya misinkhu yonse. Mwana wa zaka 4 ndi wa zaka 10 sasenza katundu wofanana, conco ang'onoang'ono tidzawapatula ndi kuwapezera zoyenera iwo. Cacitatu, tidzauziratu makolo zimene zili mufilimu, kuti asankhe okha. Cacinai, filimu ikatha sitidzangogawa zitumbuwa n'kutseka holo. Tidzakhala pansi ndi anawo ndi kuwafunsa cimene cawakondweretsa, cimene cawaopsa, ndi cimene cawakumbutsa. Ndipo cacisanu, cimene ndinadzilonjeza ndekha: mwana akafunsa za imfa, ndidzamuyankha mofatsa ndi mau oona. Sindidzanenanso kuti agona kapena apita ku ulendo.

Pa Sondo yotsatira ndinaimirira pamaso pa ana aja. Ndinawauza kuti ndinamasulira molakwa, kuti amai a Littlefoot anamwalira, ndi kuti kufa ndi kugona n'zosiyana: munthu wogona amapuma ndipo m'mawa amadzuka. Kamnyamata ka zaka 4 kaja kanafunsa ngati amai ake angagone tsopano. Ndinati inde, ndipo ana onse anaseka. Mtsikana wa pabenchi yacitatu sanaseke. Anangondiyang'ana n'kugwedeza mutu pang'ono, monga mphunzitsi amene waona kuti mwana wa sukulu wakonza samu imene anailemba molakwa.

Amai a m'cigwirizano aja mpaka lero amati filimuyo si ya ana. Agogo aja amati ikadzabweranso ndiwaitane, adzakhale pafupi ndi mdzukulu wao. Wasayansi wathu akali kudandaula za zaka 80 miliyoni zija. Ndasiya kuyesa kuwagwirizanitsa.

Nanga inu, anzanga, mukanakhala ndinu munaimirira pambali pa shiti tsiku lija, mukanamasulira bwanji? Kambiranani funsoli pa msonkhano wanu wotsatira. Musathamangire kutseka pakamwa munthu amene maganizo ake asiyana ndi anu. Mufunseni cifukwa cake. Ndipo yang'anani bwino pamabenchi a Sande sukulu yanu. Mwina pali mwana amene wakhala cete caka conse, ndipo akulu onse ayesa kuti waiwala.