Usiku wa Chisanu

Kwathu ndi ku Kasina, m'boma la Dedza. Dera lathu ndi lokwera, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye kumazizira koopsa. Pamene ndinali mu Sitandade 5, agogo anga aamuna anandigaŵira mizere inayi m'dimba mwao. Ndinabzalamo nyemba kuti ndikadzagulitsa ndidzagule juzi.

Tsiku lina dzuŵa litapendeka, agogo anayang'ana kumwamba nati, "Mdzukulu wanga, taona kuthamboku. Kulibe mtambo ndi umodzi womwe, ndipo mphepo yaleka. Usiku uno kugwa chisanu. Tiye tikafunditse mbewu."

"Pepani agogo, ndatopa. Ndikafunditsa maŵa," ndinayankha motero ndili pamoto. Agogo sananenenso kanthu. Anasenza mtolo wa udzu wouma nanka okha kudambo.

M'maŵa ndinathamangira kudimba. Udzu wonse wa m'dambo unali mbuu, ngati wina wawazapo ufa. Nditaugwira, zala zinachita dzanzi. Dzuŵa litakwera, masamba a nyemba zanga anafota nada bii, ngati awauka ndi moto. Mbatata ya kachewere ya agogo inali yobiriŵira pansi pa udzu. Mzere umodzi wokha wa nyemba zanga ndiwo unapulumuka, chifukwa agogo anaufunditsa ndi udzu umene unawatsalira. Ndinakhala pansi ndi kulira.

Agogo anandidzutsa nandifotokozera kuti masana nthaka imalandira kutentha kwa dzuŵa, ndipo usiku imakutaya. Mitambo ili ngati bulangete lobweza kutenthako. Kukakhala kopanda mitambo, udzu wouma ndiwo umagwira ntchito ya bulangete. Anatinso mpweya wozizira ndi wolemera, motero umatsikira kudambo monga amachitira madzi. Nchifukwa chake chisanu chimayambira kumadimba. Kuthirira masana kumathandizanso, pakuti nthaka yonyowa imasunga kutentha kuposa youma.

Kusukulu ndinasimbira aphunzitsi tsoka langa. Iwo anati madzi amaundana kuzizira kukafika pa madigiri 0. Madzi a m'kati mwa tsamba akaundana amaononga tsambalo, ndipo silitsitsimukanso. Kenaka anatiuza kuti si alimi okha amene amalimbana ndi madzi oundana. Ku Lesotho, pamalo otchedwa Afriski m'mapiri a Maloti, anthu amaseŵera pa chipale chofeŵa. Amamangirira kumapazi timatabwa titalititali ndi kutsetsereka nato paphiri. Asanayambe, amapaka phula kunsi kwa timatabwato kuti chipale chisakanirire, ndipo amasasa nsapato asanazimangirire. Wochita ulesi amalemedwa miyendo, mwinanso kugwa kumene.

Pamenepo ndinazindikira kuti agogo ndi anthu a ku Lesotho aja ali ndi nzeru imodzi: chisanu amachitchinga chisanafike. Chaka chimenecho juzi sindinagule, ndipo ndinapita kusukulu ndikunjenjemera mpaka mwezi wa Ogasiti. Zoonadi, mau a akuluakulu akoma akagonera. Kufikira lero, ndikaona nyenyezi zikuŵala kwambiri m'mwezi wa Juni, ndimayamba ndafunafuna mtolo wa udzu ndisanakhale pamoto.

Mafunso
1. Kodi agogo anadziŵa bwanji kuti kugwa chisanu?
2. Nchifukwa chiyani chisanu chimayambira kumadimba?
3. Tchulani njira ziŵiri zotetezera mbewu ku chisanu.