Minibasi ya Mdzukulu wa Mtchona

Pa famu ina ya fodya kufupi ndi Karoi, mdzukulu wa mtchona akujambula minibasi pa kompyuta, yoti aziiyendetsa m'masewera a SnowRunner. Anzake amalimbana ndi maonekedwe. Iye waikweza kuti isamakhule pansi, matayala onse anayi azikoka, ndipo mipando yakumbuyo waichotsa kuti wodwala azigona motambalala. Anakula akuona amayi oyembekezera akunyamulidwa pa ngolo ya thirakitala, matope a Januwale atatseka njira ya kuchipatala.

Agogo ake anachokera ku Dedza, nalowa m'dzikolo pa lole ya Ulere, ndipo anamwalira osaonanso kwawo. N'chifukwa chake thanki waiika yaikulu, yokwanira kudutsa pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, mpaka kukafika ku Dedza mafuta asanathe.