Maliro N'kulirana: Ulendo wa Ophunzira Achiyuda ku Rwanda

Kwathu kuno munthu akatchulidwa kuti akhale mkulu wa mpingo kapena mtsogoleri wa achinyamata, pali funso limene amayi amafunsana chapansipansi, ngakhale kuti silidalembedwe m'buku lililonse la malamulo: kodi ameneyu amafika pamaliro a anthu ena? Aliyense amalira m'bale wake. Koma munthu amene amasiya khasu pakati pa mzere ndi kupita kukagona pasiwa kwa anthu amene sali abale ake, ameneyo mudzi umamuona ndipo umamusunga mumtima. Funso limeneli lidatibwerera pamene tinkakonza maphunziro a atsogoleri a achinyamata, ndipo tidakumana ndi nkhani ya ophunzira achiyuda a m'mayunivesite a ku America, amene akuluakulu awo adawatumiza ku Rwanda kuti akaphunzire utsogoleri.

Ophunzirawa ndi a bungwe lotchedwa Hillel, limene lidayamba mu 1923 pa yunivesite ya Illinois, ndipo ntchito yake ndi kusonkhanitsa achinyamata achiyuda amene ali pasukulu kutali ndi makolo awo. Dzinali ndi la mphunzitsi wakale wa Chilamulo, Hillel, amene adakhala m'masiku a mfumu Herode, ndipo mwambo wa Ayuda umati ndiye adali agogo ake a Gamaliyeli, mphunzitsi wa Paulo uja. Mabungwe achiyuda ali ndi maulendo ambiri a achinyamata. Ulendo wa Birthright, umene udayamba mu 1999, udakonzedwa kuti uziwatengera ku Israel kwa masiku khumi kuti akaone dziko la makolo awo. Ulendo wa March of the Living, umene udayamba mu 1988, udakonzedwa kuti uziwayendetsa pansi mtunda wa makilomita atatu kuchokera ku Auschwitz kufika ku Birkenau m'dziko la Poland, kumene abale awo adaphedwa. Maulendo awiriwa sadatidabwitse, pakuti mwana ayenera kudziwa kwawo ndi kumanda kwa makolo ake. Chimene chidatiimitsa ndi ulendo wa ku Rwanda. Kumeneko kulibe manda a makolo awo. Nanga adapita kukatani?

Yankho lake liyambira kutali pang'ono. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma la Hitler lidapha Ayuda mamiliyoni asanu ndi limodzi, ndipo mwa iwo ana adalipo pafupifupi 1,500,000. Ayuda amatchula zimenezi kuti Shoah, liwu la Chihebri lotanthauza chionongeko. Nkhondo itatha mu 1945 padatsala ana ambiri opanda atate, opanda amayi, opanda ngakhale malume wowalozera kumene kudali mudzi wawo. Ku Israel adawamangira midzi ya achinyamata. Umodzi mwa midziyo ndi Yemin Orde, umene udatsegulidwa mu 1953 pa phiri la Carmel, phiri lomwe lija m'Baibulo lathu timaliwerenga kuti Karimeli, kumene Eliya adakumana ndi aneneri a Baala. Patapita zaka mudziwu udalandiranso ana a Ayuda a ku Ethiopia, amene adatengedwa pa ndege mu 1984 ndi mu 1991.

Tsono mu 1994, kuyambira pa 7 Epulo kufikira mu Julayi, m'masiku pafupifupi 100, anthu a ku Rwanda okwana ngati 800,000, malinga ndi chiwerengero cha United Nations, adaphedwa. Ambiri adali Atutsi, ena adali Ahutu amene adakana kupha anzawo. Ambiri adaphedwa ndi zikwanje, ndi anthu amene adali kuwadziwa maina. Mu 2005 mayi wina Myuda, Anne Heyman, loya wobadwira ku South Africa koma wokhala ku New York, adali pa msonkhano wokamba za Rwanda pa yunivesite ya Tufts. Kumeneko adamva kuti vuto lalikulu limene lidatsala m'dzikomo ndi ana amasiye. Iye adakumbukira kuti mtundu wake udakumanapo ndi vuto lomweli, ndipo kuti udapeza njira. Chotero adafunsira nzeru ku Yemin Orde, napeza malo m'boma la Rwamagana, kum'mawa kwa Kigali, ndipo mu Disembala 2008 ana 125 oyamba adalowa m'mudzi wa Agahozo-Shalom. Dzinali ndi la zilankhulo ziwiri: agahozo m'Chinyarwanda ndi kupukuta misozi, shalom m'Chihebri ndi mtendere. Ena mwa anthu amene adapita kukathandiza kuphunzitsa antchito oyamba adali Ayuda a ku Ethiopia amene adakulira ku Yemin Orde komweko.

Kumudzi umenewu ndi kumene magulu a Hillel ochokera ku mayunivesite monga Tufts ndi Pennsylvania adayamba kupita m'zaka zotsatira, ndiponso magulu ena otsogozedwa ndi bungwe lachiyuda lothandiza ovutika la JDC, limene lidayamba mu 1914. Ulendo wake unkakhala waufupi, masiku khumi kapena kupitirira pang'ono. Koma dongosolo lake ndi limene tifuna kuti tiliyang'anitsitse.

Choyamba, ophunzirawo ankatengedwa kumanda. Pa Gisozi mu mzinda wa Kigali pali malo a chikumbutso amene adatsegulidwa mu 2004, pamene padaikidwa mitembo ya anthu pafupifupi 250,000. M'nyumba ya chikumbutsoyo muli chigawo chofotokoza za mitundu ina imene idapululidwa, ndipo Ayuda ali momwemo. Taganizirani mnyamata amene adakula akumva agogo ake akusimba za Auschwitz, afika pakati pa Afirika, napeza kuti anthu a kumeneko adasunga malo a chisoni cha agogo ake pambali pa chisoni chawo. Iye adabwera kudzapepesa, koma apeza kuti eni maliro adamukumbukira kale.

Alendo ambiri amafikanso ku Nyamata, kumwera kwa Kigali, kumene anthu zikwi zambiri adathawira m'tchalitchi poganiza kuti m'nyumba ya Mulungu simungalowe chikwanje. Adaphedwera momwemo, ndipo zovala zawo adazisunga m'tchalitchimo kuti zikhale umboni. Mu 2023 UNESCO idaika Nyamata, Murambi, Gisozi ndi Bisesero pa mndandanda wa malo oyenera kusungidwa ndi dziko lonse. Apa ife abusa sitingawerenge nkhaniyi ngati alendo, pakuti pakati pa anthu amene adazengedwa milandu padali atsogoleri a mipingo. Bwalo la milandu la United Nations ku Arusha lidapeza mbusa Elizaphan Ntakirutimana wolakwa mu 2003, ndipo lidapezanso wansembe Athanase Seromba wolakwa mu 2006. Awa adali anthu ophunzira, odziwa kulankhula pagulu, odziwa kuyendetsa misonkhano, anthu amene nkhosa zawo zidawakhulupirira. Koma mu Kigali momwemo mudali Damas Gisimba, wosunga nyumba ya ana amasiye, amene adabisa anthu oposa 400, ndi Carl Wilkens, Mmerika wantchito ya mpingo amene adakana kuthawa pamene anzake adakwera magalimoto, nkumanyamulira anawo madzi. Wophunzira amene waima pa malo amenewa safunikanso kumuuza kuti luso la utsogoleri likhoza kupha ndiponso likhoza kupulumutsa. Waona yekha kuti chosiyanitsa si sukulu kapena udindo, koma ngati mtsogoleriyo amawerengera mwana wa mnzake kuti ndi wake yemwe.

Chachiwiri, atachoka kumanda ankapita kwa amoyo. Ku Agahozo-Shalom ana sadagonekedwe m'zipinda zazitali monga za kusukulu yogonera. Adagawidwa m'mabanja, poyamba ana 16 pa nyumba imodzi, ndipo nyumba iliyonse idali ndi mayi wa ku Rwanda amene ana ankamutchula kuti Mama. Ambiri mwa amayiwa adali ataferedwa okha mu 1994. Madzulo banja linkakhala pamodzi kukambirana za tsikulo. Sukulu adaimanga pamwamba pa chitunda, padera ndi nyumba, kuti mwana aziona patali. Maphunziro a mudziwu adakhazikika pa mawu awiri a Chihebri ochokera ku Yemin Orde. Loyamba ndi tikkun halev, kukonza mtima, ndiko kuchiza bala la mwanayo kudzera m'banja, m'nyimbo, m'masewera ndi m'ntchito za manja. Lachiwiri ndi tikkun olam, kukonza dziko, ndiko kuti mwana wamasiye yemweyo azituluka m'mudzi kukamangira nkhalamba nyumba, kukathandiza kuchipatala, kukaphunzitsa ana a kupulayimale. Alendo achiyuda aja ankadya chakudya chomwecho cha mpunga, nyemba ndi nthochi, nkumatsata anawo kukaponda dothi ndi kuumba zidina. Amene ankatsogolera ntchitoyo adali ana amasiye, ndipo wophunzira wa kuyunivesite ya ku America ankauzidwa poika phazi.

Pali chinthu china chaching'ono chimene chidatikondweretsa. Achinyamata akunja amene ankakhala m'mudzimo chaka chathunthu ngati odzipereka ankatchedwa asuweni. Ife Achewa tikudziwa malo a msuweni. Amalowa m'nyumba momasuka, amaseka nanu, amadya nanu mbale imodzi, koma si mwini mbumba. Sagamula za banja. Amene adasankha dzinali adamupatsa mlendo chibale, namuikiranso malire.

Tisabise kuti maulendo otere ali ndi owadzudzula, ndipo ena mwa odzudzulawo ndi Ayuda omwe. Amati ndalama za tikiti ya ndege ya wophunzira mmodzi zikadalemba ntchito amisiri a komweko, amene akadamanga khoma lowongoka kuposa la mlendo wosadziwa kugwira chipande cha matope. Amatinso mwana wamasiye sayenera kukhala chinthu chophunzirirapo chifundo, kuzolowerana ndi munthu amene adzachoka Lachisanu. Mawu amenewa ndi oona, ndipo ife amene tidaonapo alendo akutijambula zithunzi tili pa mzere wa ufa tikuwamva bwino. Ulendo wa masiku khumi sudamange Rwanda. Adamanga Rwanda ndi anthu a ku Rwanda. Ngati ulendowu uli ndi phindu, phindu lake lili mwa wapaulendoyo, ndipo limaoneka pambuyo pake: ngati atabwerera adzasimba zoona, adzasonkhetsa thandizo monga ophunzira a ku Tufts adachitira, ndipo tsiku limene adzakhale loya, dotolo, rabi kapena phungu adzakumbukira Nyamata pamene gulu lina la anthu liyamba kutchulidwa maina a tizilombo. Anne Heyman mwini wake adamwalira pa ngozi mu Januwale 2014, koma mudzi udapitirira, chifukwa sudaime pa munthu mmodzi.

Chimene chidatigwira mtima koposa ndi ichi. Mtundu umene udazunzidwa uli ndi njira ziwiri zolerera ana ake. Ukhoza kuwauza kuti palibe adavutika ngati ife, chotero tilibe ngongole kwa munthu aliyense. Ukhozanso kuwauza kuti popeza tidalawa zimenezi, tikamva kulira kwina tiyenera kukhala oyamba kufika. Njira yoyamba imabala atsogoleri owawidwa mtima, amene mawa akhoza kuchitira ena zimene adachitiridwa. Njira yachiwiri ndi imene amene adakonza ulendowu adayesa kutsata. Sitikunena kuti Myuda aliyense kapena bungwe lililonse lachiyuda limatero nthawi zonse. Iwonso ndi anthu, ndipo amatsutsana okhaokha kwambiri pa nkhani zimenezi. Tikunena za ulendo uwu wokha ndi chimene udafuna kuphunzitsa.

Nkhaniyi idatikumbutsa ubwana wathu. Ambiri a ife amene lero tili ndi zaka makumi anayi ndi mphambu tidaoloka malire usiku m'zaka za m'ma 1980, tili kumsana kapena titagwira nsalu ya amayi, kuchoka ku Angonia kupita ku Dedza ndi ku Ntcheu. Malawi idasunga anthu a ku Mozambiki pafupifupi miliyoni imodzi kufikira mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Tidadya nsima ya eni, tidaikidwa m'manda a eni. Koma ana athu obadwa pambuyo pake sadziwa zambiri, chifukwa tidasankha kukhala chete, poopa kudzutsa zakale pakati pa anthu amene lero amakhala benchi limodzi. Ndipo pamene chimphepo cha Idai chidagwetsa Beira mu 2019, kapena pamene anthu a ku Cabo Delgado adayamba kuthawa m'midzi yawo kuyambira mu 2017, tiyenera kudzifunsa moona mtima kuti ndi angati mwa achinyamata athu adamva kuti amenewo ndi maliro awo. Ngati adali ochepa, mlandu si wawo. Sitidawasimbire kuti nafenso tidathawapo.

Ife tilibe ndalama za ndege, ndipo sizifunika. Pa maphunziro athu a chaka chino tasintha dongosolo. Tsiku loyamba achinyamata sadzakhala m'kalasi kuphunzira kulemba maminitsi. Adzapita awiriawiri kwa nkhalamba zimene zidathawa nkhondo, akakhale pamphasa ndi kumvetsera. Tsiku lachiwiri adzapita kumudzi umene si wawo, kwa anthu amene si a mpingo wathu, akafolere nyumba ya mayi wamasiye, ndipo adzagwira ntchito pansi pa eni mudzi, ngati asuweni. Za maminitsi tidzaphunzira tsiku lachitatu. Akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Makolo amene muli ndi ana m'gulu limeneli, tikupemphani kuti akadzabwera kudzakufunsani za masiku aja, musawabweze.