Mwala wa Apongozi

Ife amayi tidaphunzitsidwa kulandira mphatso ndi manja awiri, kugwada, kuthokoza, ndi kusunga mumtima chilichonse chimene maso aona. Anankungwi sadalakwe potilangiza motero, pakuti banja limene mkazi amayeza mphatso ngati wogula pamsika silikhala pamtendere. Koma pali mphatso zina zimene zimadzera m'manja mwa munthu wachitatu, mmisiri amene walandira ndalama zake zonse, ndipo iyeyu akaphonya ntchito, ife n'kukhala chete, wopindula ndi iye yekha. Ndifuna kukamba za mphete yanga. Ndidziwa kuti ambiri a inu muti nkhani ya dayamondi ndi ya madona a ku Sunnyside, koma pirirani nane, popeza zomwezi zimatigwera kwa telala ndi kwa kalipentala.

Apongozi anga aakazi adagwira ntchito yolera ana pabanja lina la azungu ku Salisbury, mzinda umene kuyambira 1982 umatchedwa Harare. Pamene banjalo linkachoka m'dzikomo, dona wa panyumbapo adawapatsa mphete yakale ya kamwala kamodzi ka dayamondi, nanena kuti idali ya agogo ake. Apongozi sadaivale n'kamodzi komwe, popeza zala zawo zidali za khasu ndi munsi. Adaimanga pakansalu naisunga pansi pa sutikesi mpaka tsiku la imfa yawo. Mwa mwambo wathu katundu wotere amagwera ana aakazi, choncho mphete idapita kwa alamu anga, achemwali a bambo a kunyumba kwathu. Titakwanitsa zaka 25 m'banja, alamuwo ndiwo adati mwala uchotsedwe pamphete yakaleyo, imene idali itaperepeseka, uikidwe pa yatsopano kuti ndizivala ine. Mkazi aliyense wokwatiwa adziwa kulemera kwa chinthu chotere: mbumba ya eni kutulutsa chuma cha mayi wawo n'kupatsa mtengwa.

Bambo, amene adali mphunzitsi, adatapa ndalama za penshoni, natumiza mwalawo kwa mwana wathu wamwamuna amene agwira ntchito ku Johannesburg. Adalemba ndi kalata yomwe, yoti mwala wa mayi ukhale pakati, ndipo mmisiri aikepo timiyala tiwiri m'mbali tofanana nawo maonekedwe. Mphete idafika pa Khirisimasi. Adandiveka usiku ana akuomba m'manja, ndipo pakuwala kwa nyale idali yokongola zedi.

M'mawa mwake ndili pakhonde kupeta mpunga ndi pamene ndidaona. Timiyala ta m'mbali tidali toyera ngati matalala, koma mwala wa apongozi pakati pawo unkaoneka ngati tiyi woperewera masamba, moti munthu wosadziwa akadati ndi litsiro. Kuonjezera apo, kamwala ka kumanzere kankachita kubiriwira pang'ono dzuwa likakaomba, pamene kanzake ayi.

Choyamba ndidaitsuka, ndipo mayi aliyense ayambe ndi ichi asadanene kanthu kwa munthu. Dayamondi amakonda mafuta, kotero kuti kumigodi ina amamulekanitsa ndi miyala wamba pomukunkhuniza pathebulo lopaka girisi: iye amakakamira, inayo n'kupita ndi madzi. Tsono ganizirani dzanja limene lakanda mandasi, lasinja nsinjiro, ladzola Vaseline. Mafutawo amakhala kunsi kwa mwala, kumene chala sichifika, ndipo mwala umazirala. Mankhwala ake ndi madzi ofunda, kadontho ka sopo wotsukira mbale ndi mswachi wakale wofewa, ndipo muzitsukira m'beseni, osati pasinki kapena pamjigo. Jiki musamuyandikize, amawononga golide. Ine ndidatsuka masiku atatu otsatizana. Miyala yonse idawala, koma kusiyana kuja kudangoonekera bwino koposa kale.

Apa ndi pamene padali povuta. Mwamuna amene wathyola penshoni yake, mungamuuze bwanji kuti chinthucho chili ndi chilema? Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndidadikira tsiku lina atadya, atatha kumvera nkhani pawailesi, ndipo ndidafunsa kuti, "Bambo, kodi kalata ija mudalembera mwana, ina yake mudasunga?" Ndinkadziwa kuti aphunzitsi akale sataya pepala. Iwo adati, "Bwanji mayi, mphete yakukanani chala?" Ndidati, "Iyayi, yandikwana bwino. Koma taonani m'mene tianati tikuwachititsira manyazi amayi anu." Adavala mandala, naigwira nthawi yaitali osanena kanthu. Kenaka adati, "Ine ndimayesa ndi maso angawa." Adali ataona tsiku lomwe lija, nakhala chete kuopa kundichotsa chimwemwe.

Patapita miyezi iwiri ndidakwera basi kukaona mdzukulu, mphete ili m'thumba la mkati, kalata ili m'Baibulo. Mwana adanditengera kwa mmisiriyo, munthu waulemu ndithu amene adandipatsa mpando. Ataika mphete papepala loyera pafupi ndi zenera, sadakane kuti miyala isiyana, koma adati ine ndiye ndapindula. Adafotokoza kuti amalonda amayeza mtundu wa dayamondi ndi zilembo, kuyambira D, amene ali mbuu ngati madzi a pachitsime chabwino, kutsika mpaka Z, amene chikasu chake chimaonekeratu. Muyeso umenewu udakhazikitsidwa ndi bungwe la GIA ku America mu 1953. Chikasucho si litsiro, chimachokera ku mpweya wa nayitirojeni umene udalowa m'mwala pamene unkaumbika pansi pa nthaka, ndipo palibe sopo angauchotse. Miyala yoyandikana zilembo diso wamba silingailekanitse, koma ikatalikirana kwambiri n'kuikhazika pamodzi, woyerayo amaulula mnzake. Iye adati timiyala take tidali G, pamene wa apongozi adauyerekeza kuti ndi M. Za kubiriwira kuja adati miyala ina imatero ikaombedwa ndi dzuwa, ndi chibadwa chake, ngakhale adavomera kuti mmisiri wosamala sasakaniza wotere ndi wosatero pamphete imodzi.

Adandionetsanso chimene sindidachidziwe dzina ngakhale ndinkachiona. Miyala ya masiku ano imasemedwa ndi nkhope 57 kapena 58 motsata masamu amene Marcel Tolkowsky adafalitsa mu 1919, ndipo imathwanima msangamsanga, ting'onoting'ono. Wa apongozi udasemedwa mwachikale, wamtali pamwamba, wodulidwa nsonga pansi, kotero kuti ukauyang'ana pakati umaona ngati kadzenje. Kuwala kwake n'kwakukulu ndi kodekha, ngati makala a mbaula usiku.

Atatha zonsezi adapereka nzeru yake: achotse mwala wakalewo, andigulitse woyera wofanana ndi timiyala take, ndipo wakalewo augule iye pamtengo wochepa. Kunena zoona, mwa malonda sadaname. Koma ndidamuuza kudzera mwa mwana kuti mlendo akafika pamudzi sathamangitsa mwini nyumba chifukwa chakuti iye wavala bwino. Mwala wa pakati sudali wanga woti ndigulitse, ndipo ndikadabwerera kumudzi ndi wina, ngakhale woposa mtengo kakhumi, alamu ndikadawayang'ana ndi maso ati? Ndidatulutsa kalata ya bambo. Mwana adaiwerenga m'Chingerezi, ndipo zidapezeka kuti mawu akuti "tofanana nawo" adali atalembedwanso palisiti ya mmisiri mwiniyo.

Apa mawu ake adatsika. Tidakanganako pang'ono za ndalama ya ntchito, iye ati ndilipire theka, ine ndikuti amene waphonya msoko ndiye amasula. Potsiriza tidagwirizana kuti afune timiyala tiwiri tachikasu pang'ono, tofanana tokhatokha ndiponso toyandikira wa pakati, ndipo popeza totero n'totsika mtengo kusiyana ndi toyera tija, ndalama yotsalayo ilipire kusintha timano togwira miyala. Iye adali atapanga timanoto ndi golide woyera, amene amaonetsa chikasu poyera. Golide wachikasu amachibisa, chifukwa diso limayesa kuti mtunduwo ukuchokera kuchitsulo.

Sindidachoke m'sitolomo mwala usadachotsedwe ine ndikuona. Adauika pasikelo, ndipo udapitirira pang'ono theka la karati. Makarati asanu ndiwo galamu imodzi, choncho mudziwe kuti tikunena za kanthu kochepa kuposa njere ya nandolo. Ndidapempha galasi lake lokulitsa zinthu kakhumi, ndidapeza kadontho kakuda cha kumbali, ndipo kulemera kwake ndi malo a kadonthoko zidalembedwa papepala, tonse n'kusaina. Ena adzati kumeneko n'kusakhulupirira munthu, koma iye mwini sadakhumudwe, adati ogula ozindikira amatero. Masiku ano pali miyala yonga galasi yotchedwa cubic zirconia, imene idayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1970, palinso dayamondi weniweni wopangidwa m'fakitale amene ngakhale mmisiri samuzindikira popanda makina. Mayi wochokera ku Dedza angadziwe bwanji ngati sadalembetse?

Ntchito idatenga masabata atatu, chifukwa timiyala totero sitipezeka msanga. Ogula ambiri amafuna toyera. Kasemedwe kokha sikadatheke kufananitsa, ndipo mpaka lero ta m'mbali timaphethira msanga pamene wa pakati umayaka mwaulesi. Zimenezo sizindivuta. Mtundu ndiwo udagwirizana, ndipo palibenso amene amandifunsa kutchalitchi ngati mphete yagwera m'ndiwo.

Alamu atabwera kudzationa nthawi yokolola, adaivula pachala panga natuluka nayo pakhomo. Adaipendeketsa uku ndi uku mpaka adati, "Kanyerere kaja kalipo." Ndidadabwa, popeza za kadonthoko sindidawauze. Adati ali atsikana ankaba kansalu kaja m'sutikesi amayi awo akapita kudimba, ndipo iwo ndi ang'ono awo ankapikisana kuti ayambe kukaona ndani. Madzulo ake tidakhala atatu, ndipo tidapangana kuti ine ndikadzatsogola, timiyala tiwiri ndi golide zidzakhala za mwana wanga wamkazi, koma mwala wa pakati udzabwerera kwa mwana wamkazi wa alamu. Bambo adalemba zimenezi m'buku lawo lakuda, naika tsiku, tonse n'kusaina.