Ulendo wa ku Dubai tinaukankhira mu Disembala

Kuno ku mapiri a Ntchisi, mwezi wa Julayi timafunda mabulangete awiri, ndipo m'mawa nkhungu imakuta phiri mpaka dzuwa litakwera. Tinali kuwotha moto usiku wina wotero mu 2025 pamene mwana wathu wachisamba anaimba foni kuchokera ku Dubai, kumene amagwira ntchito ya unamwino. Anationetsa khanda la masabata atatu, n'kunena kuti: "Amayi, ababa, sukulu zikatsekera mu Ogasiti mubwere. Agogo musawasiye. Ndaona matikiti otsikirako mtengo, theka ndilipira ine."

Agogo aNaphiri, omwe ali ndi zaka 74 ndipo sanakwerepo ndege, analuluta mpaka agalu anauwa panja. Ifenso tinaona kuti n'zotheka. Mmodzi wa ife ndi mphunzitsi, ndiye Ogasiti ndi tchuthi chachitali. Kumunda kumakhala kulibe ntchito, ndipo ndalama za soya ndi mtedza zomwe tinagulitsa ku Mponela zinali zisanathe.

Tinayamba ndi kufufuza za ndege. Bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi silili kutali ndi kwathu, koma palibe ndege yochoka pamenepo n'kukatera ku Dubai mwachindunji. Munthu amasinthira ku Addis Ababa akakwera Ethiopian Airlines, kapena ku Nairobi akakwera Kenya Airways. Ndiye kuti ndege ziwiri popita, ziwiri pobwera, ndipo yoyamba ikachedwa, yachiwiri sikudikira. Tikiti yotsika mtengo kwambiri inali yosalola kusintha tsiku kapena kubweza ndalama.

Apa m'pamene mitima inayamba kugunda. Mwezi umodzi wokha m'mbuyomo, mu Juni 2025, nkhondo ya Israel ndi Iran inachititsa kuti ndege zambiri za kudera limenelo ziimitsidwe kapena kusintha njira. Mu Epulo 2024 mvula yoopsa inasefukira pabwalo la ndege la Dubai, anthu n'kugona pansi masiku angapo kudikira ndege. Kuno kwathunso sitinaiwale za mu Novembala 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti usiku umodzi. Ukadikira, mtengo wa tikiti ungakwere. Ukagula msanga tikiti yosasinthika, ndalama za chaka chonse zingapite osakwera ndege n'komwe.

Masiku angapo tinkangokambirana za ndalama ndi za nkhondo. Za kutentha sitinaziganizire mpaka tsiku lomwe tinaperekeza agogo kuchipatala kukatenga mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi. Agogo anadzitama kwa adokotala kuti akupita kunja. Adokotala atamva dzina la dzikolo ndi mwezi wake, anaika cholembera pansi n'kufunsa kuti: "Mayi, munayamba mwadwalapo ndi dzuwa?"

Tinayang'anana. Zaka zitatu zapitazo, mu Okutobala, tinatsikira ku Salima kumaliro kudzera ku Mvera. Pofika masana agogo anali atafooka, mutu ukuwawa, kenako anagwa pamanda penipeni. Tinawatsira madzi pansi pa mtengo wa mango, ndipo aliyense anati n'chisoni cha maliro. Adokotala anapukusa mutu. Anatifotokozera kuti kukatentha, thupi limadziziziritsa potulutsa thukuta ndi kutumiza magazi ambiri pakhungu, ndipo ntchito yonseyo imagwera mtima. Munthu wokalamba satuluka thukuta msanga, ndipo samva ludzu ngakhale madzi atachepa m'thupi. Ena mwa mapiritsi a agogo ndi okodzetsa, ndiye amachotsanso madzi ndi mchere. Anatinso thupi la munthu wochoka kozizira limafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti lizolowere kotentha. Ulendo wathu wonse unali wa masabata awiri omwewo.

Usiku womwewo tinamufunsa mwana wathu kuti atiuze zoona zake. Anavomera kuti mu Julayi ndi Ogasiti kutentha kwa masana kumapitirira madigiri 40, usiku kumakhalabe cha m'ma 30, ndipo chinyezi chochoka m'nyanja chimalepheretsa thukuta kuuma. Boma la kumeneko limaletsa anthu kugwira ntchito padzuwa kuyambira 12:30 mpaka 3 koloko masana, kuchokera pa 15 Juni kufika pa 15 Seputembala. "Koma agogo azikhala m'nyumba," iye anatero. "Muli makina oziziritsa." Tinamufunsa kuti nanga ndege ikachedwa, kapena galimoto ikafa panjira? Nanga agogo amene sakhala m'nyumba ola limodzi osatuluka kukaona nkhuku, angatsekeredwe masabata awiri? Anakhala chete, kenako anati naye monga namwino ankadziwa zimenezi, koma mtima unali kufuna agogo agwire khandalo likadali laling'ono.

Kuwauza agogo ndiye kunali kovuta. Anamvetsera mpaka tinamaliza, n'kuyankha motsitsa mawu: "Ana inu, mukuwerenga madigiri. Ine ndikuwerenga masiku anga. Mwauzidwa ndi yani kuti Disembala andipeza?" Tinalibe yankho. Kuchedwetsa ulendo kunalinso ndi ngozi yake, ndipo sitinafune kunamizira kuti ilibe. Tinangowauza kuti tikufuna akafike ali ndi mphamvu zobereka mwanayo kumsana, ndiponso abwerere kuno akuyenda okha. Anagona osayankha. M'mawa mwake, akusesa pabwalo, anati: "Safunsa anadya phula. Mwafunsa, chitani zomwe mwamvazo."

Tinasankha kumapeto kwa Disembala, pamene ku Dubai masana kumakhala cha m'ma madigiri 25, ngati tsiku labwino la ku Madisi. Chisankhochi chatidyera zambiri. Matikiti ndi okwera mtengo, tchuthi n'chachifupi, ndipo ndi nthawi yopalira ndi kuthira feteleza. Tagwirizana ndi alamu athu kuti adzayang'anire munda, ife tidzawabwezera pokolola. Mmodzi wa ana athu amene ankati apita nawo watsala.

Taphunzirapo zinthu zingapo zomwe zingathandize banja lina. Tinalipira ndalama zoonjezera kuti tikiti ikhale yolola kusintha tsiku, ndipo ulendo wonse uli pa tikiti imodzi kuti ndege yoyamba ikachedwa, kampani yomweyo itipezere ina. Tinasankha kudikira maola angapo posinthira ndege m'malo mwa ola limodzi, chifukwa agogo sangathamange m'makonde aatali aja, ndipo tawapemphereratu njinga ya olumala. Tidzanyamuka Lamlungu, kuti ngakhale titachedwa tsiku limodzi kapena awiri, Sabata lisadzatipeze pabenchi ya bwalo la ndege. Tinaonetsetsa kuti mapasipoti atsala ndi miyezi yoposa 6 asanathe, ndipo viza tidzaifunsira masiku akayandikira. Mankhwala a agogo adzakhala m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi kalata ya adokotala, ndi oonjezera a sabata yathunthu. Tidzatenganso mabotolo opanda kanthu oti tikathire madzi tikadutsa pofufuzira katundu, ndi timapaketi ta Thanzi. Tonse taloweza zizindikiro zoopsa: chizungulire, nseru, mkodzo wochepa ndi wakuda, ndipo choopsa koposa, munthu kuyamba kusokonezeka mutu thupi lili moto. Zikatero n'kumuika pamthunzi, kumutsira madzi ndi kuthamangira kuchipatala.

Sitikudziwa ngati Disembala adzafika ndege zikuuluka bwinobwino. Foni ikalira usiku timadzidzimuka, ndipo nkhani za pawailesi timazimvetsera kuposa kale. Koma agogo ayamba kale ulendo wawo. M'mawa uliwonse amayenda mpaka pachitsime n'kubwerera, botolo la madzi lili m'manja, akuti akuphunzitsa miyendo. Asoka mbereko yatsopano ya chitenje cha maluwa ofiira. Ataona pafoni mmene mwanayo wanenepera, anaisula n'kuwonjezera nsalu ina m'mbali.